Kuseka kwa m'Malokesheni: Zisudzo Zosalemba pa Kanema wa ku Harare ndi Malo a Chicheŵa m'Menemo

Ife amene timaphunzira ziyankhulo za m'chigaŵo chino cha Africa tidazoloŵera kufunafuna umboni wathu m'mabuku. Tikafuna kulongosola m'mene Chishona cholembedwa chidakulira, timayambira pa lipoti la Clement Doke la 1931, nkufika pa Feso wa Solomon Mutswairo wa 1956 ndi mabuku ena amene adatuluka kudzera ku Literature Bureau ya ku Southern Rhodesia. Tikatembenukira ku Chicheŵa timatchula Nthondo wa Samuel Ntara, msonkhano wa Malawi Congress Party wa 1968 umene udakweza chiyankhulochi kukhala cha fuko lonse, ndi Chichewa Board ya 1972. Njira imeneyi ili ndi phindu lake, koma mabukuŵa adadutsa m'manja mwa akonzi amene mbali ina ya ntchito yawo idali kupeta ndi kutaya zonse zimene ankaziona ngati madeya: mau obwereka, mayankhulidwe a ku bala ndi a pa basi, ndi kusakaniza ziyankhulo kumene munthu wa m'tauni sangakhale tsiku lathunthu osakuchita. Choncho chiyankhulo chimene anthu a ku Mbare, Highfield, Mufakose kapena Mabvuku ankayankhuladi m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 sitichipeza kwenikweni m'mabuku a nthaŵiyo. Tikuchipeza m'zisudzo zoseketsa za pa wailesi ndi pa kanema, makamaka zija zimene ochita ake sankaŵerenga pa pepala.

M'nkhani ino tifuna kulondola mbiri ya zisudzo zimenezi, kufunsa chimene chidazikondetsa chotere kwa anthu a m'malokesheni, ndiponso kuona pamene munthu woyankhula Chicheŵa adaima m'kuseka konseko.

Mzinda wa alendo

Lokesheni yoyamba ya Salisbury, imene idatchedwa Harari ndipo pambuyo pa ufulu idasinthidwa dzina kukhala Mbare, idakhazikitsidwa mu 1907. Highfield idabwera m'zaka za m'ma 1930, ndipo Mabvuku, Mufakose, Kambuzuma, Dzivarasekwa ndi Glen Norah zidatsatira nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse itatha. Malamulo a atsamunda, monga Land Apportionment Act ya 1930 ndi lamulo la 1946 la malo ogona anthu akuda m'matauni, adaonetsetsa kuti munthu wakuda akhale m'tauni ngati wantchito chabe. Chimene ambiri amaiŵala nchakuti kwa zaka zambiri zoyambirira antchitoŵa sadali Ashona okhaokha. Wolemba mbiri Tsuneo Yoshikuni adaonetsa kuti kufikira chapakati pa zaka za m'ma 1900 anthu ochokera kunja, ku Nyasaland, ku Mozambique ndi ku Northern Rhodesia, ndiwo adali ochuluka pakati pa antchito akuda a mu Salisbury. Ashona ambiri apafupi adali ndi minda ndi ng'ombe, ndipo m'tauni ankangobweramo kwa kanthaŵi. Amene adaikamo mizu poyamba ndi amachona athu, amene adayenda pansi kudzera ku Tete kapena adakwera malole a Ulere, ena atalembedwa ndi Mthandizi. Adali ophika, osamala maluŵa, atelala, alonda ndi antchito a kansolo. Adabwera ndi mipingo yawo, mizikiti yawo, mabungwe awo oikitsa maliro, ndi gule wamkulu, amene Ashona amamutcha zvigure kapena zvinyau.

Zosangalatsa za m'malokesheni zidakulira m'maholo a kansolo: Mai Musodzi Hall ndi Stodart Hall ku Mbare, Cyril Jennings Hall ku Highfield. Konsati ya masiku amenewo idali chisakanizo. Kwaya imaimba, anyamata amavina gule wogogoda nsapato, wina amachita zamatsenga, ndipo pakati pa nyimbo ndi nyimbo pamaloŵa kaseŵero kakafupi koseketsa kuti oimba apumeko. Kaseŵeroka sikankalembedwa. Ochita ake amangogwirizana kuseri kuti iwe ukhala mwini nyumba, ine wa lendi wosalipira, uyu wapolisi, ndipo zotsalazo zimadziŵika akafika pamaso pa anthu.

Mmodzi wa amene adaumba mwambo umenewu ndi Kenneth Mattaka, munthu wobadwira ku Nyasaland amene adakulira ndi kuphunzira ku Southern Rhodesia. Gulu lake la Bantu Actors, limene pambuyo pake lidadziŵika ndi dzina la Mattaka Family pamene ankayenda ndi mkazi wake Lina ndi ana awo, lidazungulira matauni, migodi ndi masukulu. Joyce Jenje-Makwenda, amene adasonkhanitsa mbiri ya nyimbo za m'malokesheni a Zimbabwe, adampatsa malo aakulu m'ntchito yake. Kwa ife chofunika nchakuti achinyamata aŵiri amene adadutsa m'manja mwa Mattaka ndi Safirio Madzikatire ndi Susan Chenjerai, amene dziko lidadzawadziŵa monga Mukadota ndi Mai Rwizi. Nthabwala ya pa kanema imene Azimbabwe amaiyesa yawoyawo kuposa zonse ili ndi muzu umodzi umene udachokera kutsidya kwa Zambezi.

Kuchoka pa wailesi kufika pa kanema

Wailesi ndiyo idatsegula njira. Central African Broadcasting Station ya ku Lusaka, motsogozedwa ndi Harry Franklin, inkaulutsa mau m'Chinyanja, Chibemba, Chishona, Chindebele ndi ziyankhulo zina kumaiko onse atatu, ndipo kawailesi kotsika mtengo ka Saucepan Special, kamene kadafika pa msika mu 1949, kadaloŵetsa mau a anthu monga Alick Nkhata m'nyumba za anthu wamba. Chitaganya cha 1953 mpaka 1963 chitatha, dziko lililonse lidatsala ndi wailesi yake, ndipo ya anthu akuda a ku Rhodesia inkaulutsira ku situdiyo za ku Harari. Kanema adayamba ku Salisbury mu November 1960, zaka zoposa 15 South Africa asanakhale naye ndiponso zaka pafupifupi 39 Malaŵi asanatsegule Television Malawi mu 1999. Koma kanema woyambayo adali wa Azungu, ndipo munthu wakuda ankamuona kwambiri pa zenera la sitolo kapena ali chiimire pa khomo la chipinda chochezera cha bwana wake. Apa pali chinthu chochititsa chidwi: wophika wa ku Ntcheu kapena ku Nkhata Bay wogwira ntchito ku Avondale adaona kanema mbadwo wathunthu abale ake otsala kumudzi asanamuone.

Madzikatire, amene adabadwa mu 1932 ndi kumwalira mu 1996, adayamba seŵero la banja lake pa wailesi ufulu usanabwere, ndipo kuchokera kumeneko lidakwera pa kanema. Mbiri ya Mhuri yaVaMukadota, kutanthauza banja la a Mukadota, idafika pachimake m'zaka za m'ma 1980, pamene Zimbabwe Broadcasting Corporation idatsegula zitseko za ku Pockets Hill kwa ziyankhulo za eni dziko ndipo mabanja ambiri a m'malokesheni adayamba kugula makanema. Mukadota adali bambo wa mpala wonyezimira, wodzitama, wa mapulani osatha, wotha kunamiza mnzake koma wogwidwa kaŵirikaŵiri ndi msampha wake womwe. Mai Rwizi adali mkazi womudziŵa bwino mwamuna wake. Mwana wake weniweni, Elijah Madzikatire, ankachita nawo, pamodzi ndi ena monga John Muyambo wotchedwa Chibhodhoro. Chenjerai atasiya zisudzo kukatumikira mpingo, Elizabeth Taderera adatchuka monga Katarina. Gululi lidali la nyimbo ndi zisudzo pamodzi, monga momwe zidaliri m'maholo muja, ndipo limati likaoneka pa kanema mkati mwa sabata, kumapeto kwa sabata limakaonekera pamaso m'holo kapena m'hotela.

Kachitidwe kawo kadali aka. Mutu wa nkhani ndi mafupa ake zimakonzedwa: ndani aloŵa poyamba, vuto ndi lotani, litha bwanji. Mau enieniwo aliyense amapeka yekha pamene kamera ikujambula. Zifukwa zake zina zidali za umphaŵi chabe. Padalibe ndalama zolipira wolemba, padalibe nthaŵi yokwanira yoyeserera, ndipo ena mwa ochita zisudzo sadapite patali ndi sukulu kotero kuti pepala likadangowamanga lilime. Koma chimene chidayamba chifukwa cha kusoŵa chidasanduka luso, ndipo oonera adafika pozindikira ndi khutu lokha kusiyana kwa munthu amene akuyankhula ndi amene akubwereza zoloŵeza pamtima.

Zimenezi sizidachitike ku Harare kokha. Ku Ghana, seŵero la pa kanema la Osofo Dadzie lidatuluka m'mwambo wa makonsati oyendayenda. Ku Kenya, Vitimbi ndi Vioja Mahakamani adaseketsa anthu m'Chiswahili kwa zaka makumi angapo ndi njira yomweyo. Karin Barber adalongosola m'mene gulu la Oyin Adejobi ku Nigeria linkamangira maseŵero athunthu a Chiyoruba popanda kulemba mau. Ndipo ku Malaŵi Smart Likhaya Mbewe adachita chimodzimodzi pa MBC ndi Kapalepale. Azungu nawo ali ndi mwambo wawo, kuyambira commedia dell'arte ya ku Italy ya m'zaka za m'ma 1500 mpaka pulogalamu ya Whose Line Is It Anyway? imene idayamba ku Britain mu 1988. Komabe tiyenera kusiyanitsa. Pa pulogalamu ya ku Britain kupeka pompopompo ndiko malonda ake. Woonera amauzidwa kuti taona anthuŵa alibe pepala, ndipo amaombera m'manja kuchenjera kwawo. Kwa Mukadota kupekako sikunkalengezedwa. Chimene woonera ankagula ndi banja looneka ngati la nyumba yoyandikana nayo.

Chimene chidakoka anthu

Choyamba ndi chachikulu ndi chiyankhulo. Nkhani za pa wailesi zinkaŵerengedwa m'Chishona chosambitsidwa, chomasuliridwa kuchokera ku Chingerezi. Mabuku a kusukulu adali m'Chishona cha kumudzi, chodzala miyambi, ndipo ambiri mwa iwo ankaonetsa tauni ngati dzenje lotayikiramo ana a anthu. Tsono pa kanema padatulukira munthu woyankhula monga amayankhulira kondakitala, wodula mnzake pakamwa, woyamba chiganizo nkuchisiyira panjira, woponyamo liu la Chingerezi pofuna kuoneka wophunzira ndi kulipotoza. Kwa katswiri wa chiyankhulo zimenezi ndi chuma. Wolemba seŵero, ngakhale waluso chotani, amakonza mayankhulidwe. Amachotsa chibwibwi, kubwereza, ndi mau aja ongodzazira mpata. Wopeka pompopompo alibe nthaŵi yokonza. Zimene zili pa lilime lake ndizo zimatuluka, ndipo zimenezo ndi zimene zili pa lilime la lokesheni yonse chaka chimenecho. Tingathe kunena kuti tepi imodzi ya Mukadota imatiuza zambiri za kusinthana ziyankhulo m'Harare wa 1985 kuposa buku lililonse la nthano losindikizidwa chaka chomwecho.

Chachiŵiri ndi kaonedwe kake. Kanema wa m'lokesheni sadali wa banja limodzi. Mu mzere wa nyumba khumi mwina ziŵiri zokha ndizo zidali naye, ndipo nthaŵi ya seŵero ikakwana ana a mzere wonse amadzaza pansi, akuluakulu pa mipando, otsala pa zenera. Chipinda chotere sichikhala chete. Anthu amamuyankha Mukadota, amamuchenjeza, amamutukwana, amalosera chimene Mai Rwizi anene. Kunali kubwezeretsa holo ya Stodart m'chipinda cha mamita atatu. Seŵero lolembedwa mosamala limafuna bata kuti mau ake amveke, ndipo phokoso limaliwononga. Losalemba limalola phokoso, chifukwa nkhani yake ndi yodziŵika kale ndipo chimene chikudikiridwa ndi m'mene munthuyo adzipulumutsire pa mphindi imeneyo. Popeza nyumba youlutsa kanema idali imodzi m'dziko lonse, m'maŵa mwake pa basi ya ku Machipisa kapena pa msika wa Mbare aliyense adali ataona chinthu chimodzi, ndipo liu limene lidagwa mwangozi usiku limasanduka mwambi wa sabata yonse.

Palinso nkhani ya mwambo, imene sitifuna kuikokera patali. Ashona ali ndi sahwira, bwenzi la banja limene pa maliro limaloledwa kunena zosaneneka, ndipo akazi okwatiwa pa banjapo amavala zovala za malemu ndi kumutsanzira mayendedwe ndi mayankhulidwe kuti olira aseke. Acheŵa tili ndi adzukulu pa maliro, tili ndi chisuweni, ndipo zilombo za gule monga Simoni ndi Maliya zakhala zikutsanzira mlendo ndi wolemekezeka kuyambira kale. Anthu a miyambo iŵiriyi sadafunikire kuphunzitsidwa kuti pali munthu amene amapatsidwa ufulu wonyoza popanda mlandu, ndi kuti munthu wotereyo sakonzekera mau ake. Sitikunena kuti Mukadota adachokera ku dambwe kapena ku maliro. Adachokera ku konsati ya m'tauni. Tikungoti khutu la oonera lidali lokonzeka kale.

Ena amanena kuti kusalemba idali njira yozembera boma. Nzoona kuti Rhodesia adali ndi Censorship and Entertainments Control Act ya 1967, ndipo Malaŵi adakhazikitsa lamulo lofanana nalo mu 1968, limene linkafuna kuti seŵero liperekedwe ku bungwe loona zofalitsa lisanaonetsedwe. Nzoonanso kuti David Kerr ndi Christopher Kamlongera adalemba za m'mene Travelling Theatre ya ku Chancellor College idatembenukira ku maseŵero a Chicheŵa opeka pamodzi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, ndipo pepala loperekedwa kwa woyang'anira silingasunge kutsinzina kwa diso kapena kakwezedwe ka liu. Koma pa kanema wa boma mpata umenewu udali wochepa. Seŵero limajambulidwa, ndipo chojambulidwa chingathe kudulidwa. Ife tikuona kuti Mukadota sadali wotsutsa boma wobisala. Ndale zake zidali za m'nyumba: lendi, ngongole, malobolo, mlamu wobwera kuchokera kumudzi osanena tsiku lobwerera, mkazi woyamba kugwira ntchito. Zinthu zimenezi zidali zolemera mokwanira kwa anthu amene adangololedwa kumene kukhala eni nyumba m'tauni ndipo ankaphunzira kuti banja la m'tauni limayenda bwanji.

Mlendo m'nthabwala

Tsopano tifike pa mbali imene ikutikhudza kwambiri. M'nthabwala za ku Harare, za m'bala, za pa siteji ndi za pa kanema, muli munthu mmodzi wosasoŵa: Achimwene, kapena Mubhurandaya, dzina lochokera ku Blantyre. Amadziŵika asanatchule kwawo, chifukwa lilime limamuulula. Pamene Chishona chili ndi r iye amaika l. Mau a sv ndi zv, amene Mshona amawatchula ngati akuimba mluzu, iye amawafeŵetsa kukhala s ndi z. Ndipo pali kusiyana kwina kwa dongosolo kumene aliyense wa ife akukudziŵa: pamene Chicheŵa chili ndi mph, nth ndi nkh, Chishona chili ndi mh, nh ndi h. Ife timati mphepo, munthu, nkhuku, nkhuni. Iwo amati mhepo, munhu, huku, huni. Wochita nthabwala safunika kudziŵa Chicheŵa kuti atsanzire Mcheŵa. Amangotembenuza malamulo atatu kapena anayi ameneŵa, nkuwonjezera ulemu wa a- kutsogolo kwa dzina lililonse, basi holo yonse yagwa nako kuseka.

Ziyankhulo ziŵirizi zilinso ndi mau ofanana maonekedwe koma osiyana tanthauzo, ndipo ameneŵa ndi nkhokwe ya wopeka pompopompo. Kuda m'Chishona ndi kukonda kapena kufuna, pamene kwa ife kumuda munthu ndi kusamufuna. Kugona kwa iwo ndi kutha kuchita chinthu, kotero kuti mwana amene amagona m'kalasi ndiye wanzeru. Tsoka kwa iwo ndi phazi. Tiyerekeze mnyamata wa ku Dedza akufunsira mbeta ku Mufakose, ndipo mtsikana akumuuza kuti amamuda: seŵero lathunthu lili pomwepo, ndipo palibe wofunika kulilemba. Kuseka kotereku nkotheka pokhapokha ngati oonera akudziŵako ziyankhulo zonse ziŵiri, ndipo umenewu ndi umboni wakuti Chicheŵa chidali m'makutu mwa anthu a m'malokesheni kwambiri kuposa m'mene mabuku a Chishona amavomerezera.

Koma tiyenera kufunsa kuti amene ankaseka ndani, ndipo amene ankasekedwa ndani. Azungu a ku Rhodesia adali ndi woseketsa wawo, Wrex Tarr, amene adatchuka ndi nthano za m'Chilapalapa, chiyankhulo cholamulira antchito; kumeneko wosekedwa adali munthu wakuda aliyense. M'nthabwala za m'lokesheni makwerero omwewo adatsika sitepe imodzi, ndipo pansi padapezeka wa ku Nyasaland: wantchito wa m'munda wa maluŵa, mlonda, wophika, munthu wokhulupirika koma wopusitsika, kapena woopedwa chifukwa cha mankhwala. Ngakhale m'seŵero la Gringo, limene lidatchuka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndipo lidali lolembedwa ndi Enock Chihombori, mudali munthu wotchedwa John Banda, dzina limene lokha limauza woonera kumene makolo ake adachokera. Apa kusalemba kuli ndi choipa chake. Wolemba ali ndi nthaŵi yodzifunsa ngati chithunzi chimene akujambula chili cholungama. Wopeka pamaso pa kamera amathamangira chimene akudziŵa kuti chiseketsa msanga, ndipo palibe choseketsa msanga kuposa lilime la mlendo.

Mwana wa machona wokhala pansi m'chipinda chija, pakati pa anzake, ankamva mayankhulidwe a bambo wake akusekedwa ndi mzere wonse. Ambiri mwa ana otere amayi awo adali Ashona, sukulu idali ya Chishona ndi Chingerezi, ndipo Chicheŵa chidatsalira ku mpingo wa CCAP, ku mzikiti, ku maliro ndi ku dambwe. Sitinganene kuti nthabwala ndizo zidachititsa mbadwo wachiŵiri ndi wachitatu kusiya chiyankhulo cha makolo. Zifukwa zazikulu zidali ukwati, sukulu ndi ntchito. Koma nthabwala zidaika mtengo pa katchulidwe, ndipo mwana amaphunzira msanga katchulidwe kamene kamamuchititsa manyazi. Ena adafika posintha ndi maina omwe.

Kuti nkhaniyi sidali ya kuseka kokha zidaoneka pambuyo pa chaka cha 2000. Anthu a m'matauni atayamba kuvotera chipani chotsutsa, Robert Mugabe adanena anthu a ku Mbare kuti ndi opanda mutupo, ndiko kuti opanda mfunda, ngakhale kuti Banda, Phiri, Mwale ndi Mbeŵe ndi mifunda yakale ngati ina iliyonse. Kusintha kwa lamulo la unzika kwa 2001 kudachotsa ambiri obadwira m'Zimbabwe momwemo pa mndandanda wa nzika chifukwa cha kumene makolo awo adabadwira. Operation Murambatsvina ya 2005, imene lipoti la Anna Tibaijuka ku United Nations lidati idasiya anthu pafupifupi 700,000 opanda nyumba kapena pogwirira ntchito, idauza anthu kuti abwerere kumudzi, ndipo zidzukulu za amachona zidalibe mudzi wobwererako. Munthu uja amene kwa zaka zambiri adali choseketsa cha pa siteji adapezeka kuti ndi mlendo pamaso pa lamulo. Malamulo aakulu a dziko a 2013 adakonzako zina: adabwezera unzika kwa obadwira m'dzikomo amene kholo lawo lidachokera ku dziko la SADC, ndipo adaika Chicheŵa pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka.

Chilungamo chifuna kuti tinenenso mbali inayo. Kusekedwa ndi kuŵerengedwa. M'lokesheni aliyense adali ndi nthabwala yake: Mmanyika, Mkaranga, Mndau, Mndebele, aliyense ankatsanziridwa, ndipo amene sasekedwa konse ndiye mlendo weniweni. Achicheŵa eni ake ankaseka nawo, ndipo pakati pawo adali ndi nthabwala zawo zobwezera. Chodandaulitsa nchakuti pa kanema kubwezerako kudalibe malo. Chicheŵa chidapatsidwa mphindi zake pa Radio 4, imene idatsegulidwa mu 1982 ndipo pambuyo pake idatchedwa National FM, koma imeneyo idali wailesi ya maphunziro ndi ziyankhulo zazing'ono. Kumene chiyankhulochi chidamveka ndi ulemu wake wonse ndi m'nyimbo za sungura, pamene Nicholas Zakaria ndi Alick Macheso, ana a m'mafamu a ku Mashonaland, adaimba m'Chicheŵa ndipo Ashona adaimba nawo osaseka.

Pambuyo pa Mukadota

Mwambo wosalemba udapitirira ndi Phillip Mushangwe, wotchedwa Paraffin, pamodzi ndi Rhoda Mtembe monga Mai Sorobhi, ndiponso Simon Shumba, wotchedwa Mutirowafanza. Pambali pawo padakula maseŵero olembedwa a anthu monga Aaron Chiundura Moyo, ndipo pofika 2002, pamene Studio 263 idayamba ndi thandizo la mabungwe olimbana ndi Edzi, pepala lidapambana pa kanema: wopereka ndalama amafuna kuona uthenga wake utalembedwa asanasaine cheke. Lamulo la zoulutsa mau la 2001 lidalamula kuti magawo 75 pa 100 a zoulutsidwa akhale a m'dziko momwemo, koma chuma chidali chikugwa, ndipo mabanja ambiri adamangirira madishi pa madenga kuti aziona kanema wa ku South Africa.

Zisudzo zosalemba zidabwerera kumene zidachokera, pa bwalo. Freddy Manjalima, wotchedwa Kapfupi, ndi mnzake Charles Merisi, wotchedwa Marabha, adasonkhanitsa makamu m'misewu ya pakati pa Harare, chipewa chikuzungulira, ndipo maseŵero awo adafalikira pa ma DVD ogulitsidwa m'mbali mwa msewu ndi kuonetsedwa m'mabasi a maulendo ataliatali. Kenaka padabwera foni ya m'manja, Facebook ndi YouTube, ndi magulu monga Bustop TV ndi Magamba, amene nthabwala zawo zidaloŵa m'ndale poyera kuposa m'mene Pockets Hill akadalolera, ndipo ena mwa ochita ake adamangidwapo chifukwa cha zimenezo.

Ku Malaŵi kanema adapeza mwambowu uli wokhwima kale. John Nyanga ndi Eric Mabedi, Izeki ndi Jakobo, adali atazungulira maholo ndi gulu la Kwathu kwa zaka zambiri asanaonekere pa galasi, ndipo Michael Usi adamanga Manganya wa mu Tikuferanji pa maziko omwewo, mpaka mu 2024 adakhala wachiŵiri kwa mtsogoleri wa dziko. Nyanga adamwalira mu 2016, Mabedi mu 2021. Kuyerekeza Izeki ndi Jakobo ndi Mukadota kungatiphunzitse zambiri, chifukwa ku Blantyre Chicheŵa ndicho chili pamwamba, ndipo lilime losekedwa limakhala la Myao, Msena, Mlomwe kapena Mtumbuka. Malamulo a nthabwala ndi omwewo. Chimene chasintha ndi mwini bwalo.

Vuto la ntchito yotere ndi umboni. Seŵero losalemba silisiya pepala, ndipo likapanda kusungidwa pa tepi latha ndi usiku womwewo. Zidutswa za Mukadota ndi Paraffin zimene zili pa YouTube zidaikidwapo ndi anthu okonda, zambiri popanda tsiku kapena chaka, ndipo kwa wofufuza kusintha kwa chiyankhulo tepi yopanda chaka yataya theka la phindu lake. Kuzilemba mau ndi mau kumafuna anthu aŵiri pa tebulo limodzi, wa Chishona ndi wa Chicheŵa, chifukwa Mshona yekha adzalemba Chicheŵa cha Achimwene ngati Chishona cholakwika, ndipo Mcheŵa yekha sadzamva pamene wotsanzirayo wasiya Chicheŵa chenicheni nkuyamba chongopeka. Ena mwa amene adachita nawo maseŵeroŵa, ndi okalamba a ku Mbare ndi ku Tafara amene adawaonera pa zenera la mnansi, akadali moyo ndipo angathe kutiuza chaka cha tepi poona diresi la Katarina kapena mtengo wa buledi wotchulidwa m'kati mwa mkangano.